Dzina la bambo si mlandu

Amalonda anzanga, ine ndikamva dzina loti Conforzi maganizo amathamangira kuminda ya tiyi ku Thyolo. Komatu dzinali kwawo ndi ku Italy, ndipo kuno ndi losowa zedi. Kumeneko maina ambiri a mabanja anakhazikika mpingo wa Katolika utalamula mu 1563 kuti ansembe azilemba maubatizo ndi maukwati m'mabuku. Ena anangotola dzina la bambo: Di Stefano ndiye kuti mwana wa Stefano.

Nanga ku Karonga si chimodzimodzi? Kwa Ankhonde "Mwa" ndi mwana wa uje: Mwakasungula, Mwafulirwa, Mwakikunga. Maina otere mukawapezanso kutsidya kwa Songwe, kwa Anyakyusa a ku Tanzania, poti malire a atsamunda anadula abale pakati.

Tsono chondiwawa n'chakuti mayi wogulitsa mpunga wa Kilombero akangotchula dzina lawo pamsika, wina ati, "Ndinu Mtaifa inu!" Eti tayiwala kale 1989, pamene aphunzitsi a kumpoto anawabweza kwawo? Dzina la ku Italy tinalizolowera, la ku Karonga litivute? Mayiwo ndi eni nthaka. Funsani mtengo wa mpunga, osati chiphaso.