Inu amene mukuti Chilemba ndi woluza, mumawadziwa anthu amene anamenyana nawo?

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, pali kachizolowezi kena kamene kandifika pakhosi. Dzina la Isaac Chilemba likangotchulidwa, kaya mu sitafurumu kaya pa benchi la bawo, sipalephera kupezeka munthu wonena kuti, "Aaa, uja amangoluza uja." Akatero amakhala phee ngati wayankhula zanzeru, enanso n'kumagwedeza mitu. Ine ndikuti mawu amenewa ndi aulesi, ndi osayamika, ndipo ali ndi poizoni amene walowa kale m'makalasi mwathu. N'chifukwa chake nkhani ya nkhonya ndaitengera kuno kwa aphunzitsi.

Tiyambe ndi zimene zinachitikadi. Chilemba anabadwira ku Blantyre mu 1987. Anapita ku South Africa ali mnyamata, ndipo nkhonya zolipidwa anaziyambira komweko mu 2005. Mu 2010, ali ndi zaka 23 zokha, anatenga lamba wa IBO wa anthu olemera makilogalamu pafupifupi 76. Ndisakunamizeni, IBO si limodzi mwa mabungwe anayi akuluakulu, omwe ndi WBA, WBC, IBF ndi WBO. Koma lambayo ndi amene anamutsegulira khomo. Atakwera sikelo kupita ku makilogalamu 79 anagonjetsa Edison Miranda wa ku Colombia mu 2012 ndi Vasily Lepikhin wa ku Russia mu 2015. Kwa zaka zingapo dzina la Mmalawi linali pa mndandanda wa akatswiri khumi apamwamba padziko lonse pa sikelo imeneyo. Ndiuzeni masewero ena amene tinafikapo pamenepo kupatula netibo.

Tsopano tiwerenge anthu amene anamugonjetsa, poti ndi pamene pagona mlandu wanu.

Mu March 2013 anapita ku Liverpool, kwawo kwenikweni kwa Tony Bellew, ndipo oweruza anati afanana mphamvu. Ambiri amene anaonera anati mlendoyo ndiye anapambana. Atabwerezana ku London mu May chaka chomwecho Bellew anapambana pa mapointi. Bellew yemweyo anadzatenga lamba wa WBC wa sikelo yokwererapo mu 2016.

Mu November 2015 anapita ku Quebec, ku Canada kumene amakhala Eleider Alvarez. Oweruza awiri anapatsa Alvarez, mmodzi anati afanana. Alvarez yemweyo anadzagwetsa Sergey Kovalev mu 2018 n'kutenga lamba wa WBO.

Pa 11 July 2016 anali ku Ekaterinburg, ku Russia, kumenyana ndi Kovalev mwini wake, amene nthawi imeneyo anali asanagonjepo ndipo anali ndi malamba atatu, wa WBA, wa IBF ndi wa WBO. Anthu ambiri sankatha naye maraundi anayi. Chilemba anagwa mu raundi ya 7, anadzuka, n'kumenyana mpaka belu lomaliza la raundi ya 12. Isanafike nthawi imeneyo, munthu mmodzi yekha ndi amene anathapo maraundi 12 ndi Kovalev, ndipo dzina lake ndi Bernard Hopkins.

Patangotha miyezi inayi anali ku Las Vegas kumenyana ndi Oleksandr Gvozdyk wa ku Ukraine, ndipo anasiyira panjira itatha raundi ya 8 atavulala mkono. Gvozdyk anadzatenga lamba wa WBC mu 2018. Pa 4 August 2018, ku Atlantic City, anathanso maraundi 12 ndi Dmitry Bivol. Bivol ameneyu ndi amene anadzagonjetsa Canelo Alvarez mu 2022, kenako mu 2025 anagonjetsa Artur Beterbiev n'kusonkhanitsa malamba onse anayi.

Mwaona? Anthu asanu, onse anagwirapo lamba wa limodzi mwa mabungwe akuluakulu aja, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene Chilemba anakumana naye pabwalo la kwawo. Akuluakulu anati mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo. Iye zulu zonsezi anazikwera. Inu mwakwera chiti?

Mwina simudziwa mmene mbiri yoyera imapangidwira mu nkhonya. Munthu akakhala ndi promota wandalama, amamusankhira omenyana nawo: nkhalamba yotha mphamvu, mnyamata wosadziwa kanthu, kapena wina woitanidwa kutatsala sabata imodzi. Amamenyera kwawo, pamaso pa abale ake, oweruza akumva phokoso la anthu ake. Ndi mmene ena amafikira ndewu 20 osagonjapo. Mnyamata wochoka ku Blantyre alibe wailesi yakanema yomugulira ndewu, alibe kampani yomulipirira bwalo. Ntchito yake ndi kudikira foni, ndipo foniyo imalira pokhapokha pakafunika munthu woti akayese mphamvu za mwana wa eni mudzi. Akakana, sadya. Akavomera n'kugonja pa mapointi, ife kuno timati amangoluza.

Kuti muone kuti pali kaonedwe kena, ndikuuzeni za mzungu wina wa ku Netherlands, Ramon Dekkers. Anabadwira mu mzinda wa Breda mu 1969. Masewero ake anali Muay Thai, nkhonya za ku Thailand zimene munthu amamenya ndi zibakera, zigongono, mawondo ndi miyendo, maraundi asanu a mphindi zitatu. Ku Thailand masewerowa ali ngati mpira kwa ife, ndipo anyamata ambiri amayamba kumenyana m'bwalo asanakwanitse zaka khumi. Azungu ambiri a nthawi imeneyo ankangomenyana okhaokha ku Ulaya n'kumadzitcha akatswiri a dziko lonse. Dekkers, motsogozedwa ndi mphunzitsi wake Cor Hemmers, anasankha kulondola eni ake a masewerowo.

Mu 1990 anagonjetsa Namphon Nongkeepahuyuth ku Amsterdam. M'malo mokhala pansi n'kumadya ulemu umenewo, anapita ku Bangkok, ku bwalo lotchuka la Lumpinee, kukabwerezana naye, ndipo anagonja pa mapointi. Mu 1991 Coban Lookchaomaesaitong anamugwetsa mu raundi yoyamba ku Paris. Chaka chomwecho Dekkers anabweza, kumugwetsanso Coban mu raundi yoyamba. Anakumana kanayi konse, aliyense n'kupambana kawiri. Ku Thailand Dekkers anagonja kambirimbiri, makamaka pa mapointi, chifukwa oweruza a kumeneko amawerengera kwambiri mateche a m'nthiti, mawondo ndi kusagwedezeka kwa munthu, pamene iye mphamvu yake inali m'zibakera ndi m'mateche a m'miyendo. Ankadziwa zimenezi, koma ankabwererabe. Pomaliza mbiri yake inali ndi ndewu zoposa 200, ndipo zoposa 30 anagonja.

Nanga eni dziko anamutcha woluza? Ayi. Mu 2012, pokumbukira zaka 85 za kubadwa kwa mfumu yawo, a banja lachifumu la Thailand anamupatsa mphoto yaulemu chifukwa cha zimene anachitira masewerowo. Anamwalira pa 27 February 2013 ali ndi zaka 43, atagwa akupalasa njinga ku Breda. Mpaka lero okonda Muay Thai akamatchula alendo amene anasintha masewerowa, dzina lake limakhala koyambirira. Anthu a ku Thailand analemekeza mlendo amene anagonja m'bwalo mwawo, chifukwa ankadziwa kukula kwa anthu amene anamugonjetsa. Ife tikunyoza mwana wathu amene anagonja m'mabwalo a eni, chifukwa sitinavutike n'komwe kufunsa kuti wamugonjetsa ndani.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Muti kugonja ndi kugonja basi, lamba wamkulu sanabwere naye. Zoona, sanabwere naye, ndipo zaka zitapita anagonjanso ndewu zina monga amachitira aliyense amene wakulira m'bwalo. Sindikupempha kuti timunamizire chipambano. Ndikupempha kuti tidziwe kusiyana kwa munthu wogonja kwa Bivol pa mapointi ndi munthu wopambana kwa chidakwa cha pa Jali. Asodzi a kuno ku Chilwa amadziwa bwino kuti wobwerako ndi matemba ochepa atalimbana ndi mphepo pakati pa nyanja si mnzake wa uja watola mlamba wofooka m'matope a m'mphepete.

Ena muti munthuyo anathawira ku Joni, si wathunso. Funso langa ndi lakuti, akanakhala kuno akanaphunzira kuti, ndipo akanadya chiyani? Ndi angati mwa inu ana anga amene mukuwerenga izi muli ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town? Kodi Umalawi wanu unathera pa Mwanza? Chilemba ankalowa m'bwalo dzina la Malawi likulengezedwa ku Liverpool, ku Russia ndi ku America. Sitinamulipirire ndege, sitinamugulire magolovesi. Chochepa chimene tingachite ndi kusamutukwana.

Enanso muti nkhonya ndi masewero oopsa, osayenera kuwayamikira pamaso pa ana. Apa pokha muli ndi mfundo. Adonis Stevenson anavulala ubongo pomenyana ndi Gvozdyk yemwe uja mu December 2018. Mwezi umodzi izi zisanachitike, mnyamata wa zaka 13, Anucha Tasako, anamwalira ku Thailand atamenyedwa m'bwalo, ndipo dziko lonselo linakangana za ana omenyana pofuna ndalama. Sindikuuza mwana aliyense kuti asiye makope akamenyedwe mutu. Koma ngati masewerowa ndi oopsa chotere, ndiye kuti munthu woima maraundi 12 ndi Kovalev wachita chinthu chimene woseka pa benchi sangachiyerekeze. Mfundo yanuyo ikuthandiza ine.

Onjezanipo Anisha Basheel. Ndewu zake zisanu zoyambirira anagonja zonse. Mwa kawerengedwe kanu, anayenera kuvula magolovesi n'kukagulitsa mandasi. Mu June 2018 anapita ku York Hall, ku London, n'kumaliza Sam Smith mu raundi yoyamba, kubwerera kuno ndi lamba wa Commonwealth. Akanamvera inu, lambayo akanamuona ndani?

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa kwenikweni. Maganizo oti chofunika ndi mbiri yopanda banga, osati kukula kwa chimene walimbana nacho, ndi omwewo amene tikuyendetsera sukulu. Zotsatira za MSCE zikatuluka, funso loyamba limakhala lakuti sukulu yakhoza maperesenti angati. Palibe wofunsa kuti ana angati analemba Physics, Chemistry kapena Additional Mathematics. Ndiye timachita zimene amachita mapromota. Mwana wa Fomu 3 akati akufuna Chemistry, timamuyang'ana n'kumuuza kuti, "Iwe usadzivute, tenga zofewa, ungationongere mapointi." Mwana wofooka timamunyengerera kuti abwereze kalasi kapena akalembere kwina, kuti dzina la sukulu lisade. Mphunzitsi wa sukulu ya boma yogonera komweko, amene analandira ana okhoza kale bwino pa Sitandade 8, timamuombera m'manja. Mphunzitsi wa CDSS amene ana ake amadzuka m'bandakucha, ena kuoloka ndi bwato, ena atagona pa nyanja kuthandiza makolo, opanda labu, buku limodzi ana khumi, iyeyo akakhozetsa theka la kalasi timati ndi woluza. Tonse tazionapo izi, ndipo ambiri tazichitapo mwakachetechete.

Zotsatira zake tikuziona. Mwana amatuluka ndi satifiketi yooneka bwino koma yosamufikitsa ku udokotala, ku uinjiniya kapena ku unamwino, chifukwa phunziro lofunikalo tinamuthawitsa. Choipitsitsa, amatuluka ataphunzira kuti nzeru ndi kupewa mayeso ovuta. Munthu wotere akakula safunsira ntchito imene akuopa kukanidwa, sayamba bizinesi imene ingagwe, ndipo madzulo amakhala pa benchi n'kumaseka amene anayesa. Walira mvula walira matope. Ngati tikufuna madokotala ochokera ku Chisi, tivomere kuti ena adzalemba Chemistry n'kupeza 8 kapena 9, ndipo maperesenti a sukulu adzatsika chaka chimenecho. Mtengo wake ndi umenewo, ndipo ndi wotchipa.

Choncho pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi ili. Mwana akafuna phunziro lovuta, mupatseni, mumuthandize, ndipo ahedi akadandaula za maperesenti muwayankhe molimba mtima pa miting'i. Mukamayerekeza sukulu ziwiri, funsani kaye kuti iliyonse inalandira ana otani ndipo inali ndi zipangizo zotani. Kwa inu ana anga akale, amene mukubwereza MSCE kachiwiri kapena kachitatu, ndi inu amene mwakanidwa ntchito kasanu, musalole munthu amene sanalembepo kalata ndi imodzi yomwe akuwerengereni zigonjetso zanu.

Ndipo tsiku lina wina akadzanenanso kuti Chilemba amangoluza, musakangane naye nthawi yaitali. Mungomupempha atchule mayina a anthu atatu amene anamugonjetsa, ndi malamba amene anthuwo anagwirapo. Akalephera, muuzeni akawerenge kaye, abwere mawa.