MPHETA YA MBASELA



Lero tsegulani Mateyu 10:29, kenaka Luka 12:6. Kwa Mateyu, kakobiri kamodzi kagula mpheta ziwiri. Kwa Luka, tumakobiri tuwiri tugula mpheta zisanu. Inu amalonda mwaona kale: ziwiri ndi ziwiri ndi zinayi. Nanga yacisanu? Ndi mbasela, monga tomato uja timaponyera kasitomala pamwamba pa mulu. Ilibe mtengo. Koma Yesu atiphunzitsa kuti nayonso Mulungu saiiwala.

Ndilankhule ndi inu amayi amene mwaika amuna anu m'manda. Pa maliro munali anthu odzaza, nyimbo usiku wonse. Titameta, aliyense anabwerera kwao. Tsopano mwatsala ndi ana, mpamba unathera pa bokosi ndi ufa wa olira, ndipo mtima ukukuuzani kuti munali mbasela cabe pa mwamuna uja. Bodza limenelo! Mtengo wanu sunalowe m'manda pamodzi naye.

Ndipo inu acibale a malemu, mverani. Kulanda mbale, njinga ndi malata kwa wamasiye ndi kuba, ngakhale mukuche mwambo. Kuno ku Zambia, lamulo la Intestate Succession Act la 1989 likuti ngati munthu wamwalira wosalemba wilo, ana atenga 50 peresenti ya cuma, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ena amene anali kudalira malemu 10. Katundu wa m'nyumba ndi wa wotsalayo pamodzi ndi ana. Minda ya kwa mafumu lamuloli siliikhudza, imeneyo mukambe ndi anyakwawa. Amayi, wina akakuvutani, pitani ku Victim Support Unit ku polisi. Kutero si kupanda ulemu ai.

Lirani ndithu, Yesu nayenso analira pa manda a Lazaro. Koma onani Davide pa 2 Samueli 12:20. Mwana atamwalira anadzuka, nasamba, napita kukapembedza, kenaka anadya. Cisoni cinalipo, koma anasankha tsiku loimirira. Inunso sankhani lanu. Bwererani pa thebulo lanu ngakhale ndi meda imodzi ya nshawa. Kaloba musamukhudze. Kambani ndi anzanu a cilimba akupatseni nthawi.

Ife otsala, nchito yathu iyamba pamene olira abalalika. Sabata ino sungirani mnzanu malo ake pamsika, mugule kwa iye, mukam'cezere opanda cifukwa. Amayi a Mothers' Union, tsogolani.

Tipemphere. Atate, Inu amene muwerenga ngakhale mpheta yacisanu, kumbukirani onse olira, muwadzutse ndi kuwapatsa mphamvu ya mawa, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Tumizirani wina amene mukum'ganizira lero.