KHALA TSONGA, KOMA USAUME



Munthu akalowa m'madrasa ili yonse ya kuno kwathu, kaya ndi ku Ntaja, ku Nsanama, ku Ulongwe kapena pa Liwonde pomwe, chimene amayamba kuona ndi misana ya ana. Nkhope saziona chifukwa zonse zili pansi. Buku lili pa mphasa, mwana wapinda miyendo, wawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda tsamba, ndipo akhala chomwecho kuyambira pamene waweruka ku sukulu kufikira nthawi ya Aswir. Mwana yemweyo m'mawa anali atakhala pa simenti m'kalasi, kope lili pa bondo. Madzulo akafika pakhomo abwereka foni ya mkulu wake, ndipo khosi liweramanso. Ndiye tsiku lina mayi amuona akuyenda mapewa ali kutsogolo, amupatsa khofi la pamsana nati, "Iwe, khala tsonga! Ukufuna kukhala nkhalamba?" Mwana awongoka mphindi ziwiri, kenaka abwerera mwakale.

Mayiwo sakulakwa poda nkhawa. Koma khofi lija likugwera munthu wosalakwa, pakuti mwana sanasankhe yekha kuti buku likhale pansi.

Tiyambe tauona msanawo m'mene Allah anaupangira. Si ndodo imodzi yowongoka ayi. Ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumene kwagwira nthiti, 5 m'chiuno, ndipo totsalato n'tolumikizana kumunsi kwenikweni. Pakati pa timafupa toyendayendato pali tizinthu tofewa tokhala ngati nkhata, toteteza kuti mafupa asamakhulane. Ukamuona munthu cha m'mbali, msana wake uli ndi mapindiko ake achilengedwe: m'khosi ulowa mkati, pa nthiti utuluka, m'chiuno ulowanso. Nkhani ya mafupa amenewa ndi yakale kwa ophunzira athu. Ibn Sina anaifotokoza m'buku lake la zachipatala lotchedwa Al-Qanun, limene analimaliza mu 1025, ndipo analembamonso za misana yopindika. Tsono amene auza mwana kuti aume ngati mtengo wa bulugama akumupempha chinthu chimene msana sunapangidwire.

Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Ukakhala pamwamba pa mapewa, khosi limaunyamula mosavuta. Ukatsogola, ntchito ya minofu ya kumbuyo kwa khosi imakula, monga m'mene ndowa imalemerera ukaigwira mkono utatambasula. Mu 2014 dokotala wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengera kuti mutu ukawerama kwambiri monga achitira anthu poyang'ana foni, khosi limamva ngati lasenza makilogalamu 27. Imeneyi ndi samu ya papepala, ndipo khosi ndi lolimba ndithu, silithyoka chifukwa cha foni. Koma zikutithandiza kumvetsa chifukwa chake mwana wowerenga buku lili pansi amatopa msanga, amayamba kusinza, kapena kudandaula mutu. Ena timaganiza kuti ndi ulesi, pamene ndi minofu yatopa.

Vuto lokhala pansi silinayambe lero. Pamene sukulu ya pulaimale inakhala yaulere mu 1994, ana olembetsa anachuluka kuchoka pa ochepera 2 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo madesiki sakanakwanira. Ana amene anayamba Sitandade 1 chaka chimenecho lero ndi makolo, ndipo ambiri mwa ana awonso akuphunzira atakhala pansi. Komabe tisanamizire mphasa. Kukhala pansi pakokha kulibe choipa. Makolo athu akhala akudyera pa mkeka, kukambirana milandu pa mkeka, ndipo ambiri akalamba miyendo ndi chiuno zili zofewa kuposa za anthu a m'maofesi. Choipa ndi kukhala m'kakhalidwe kamodzi nthawi yaitali, maso ali pa chinthu chimene chili pansi kwambiri.

Apa ndi pamene madokotala a masiku ano asintha kalankhulidwe. Kale ankaphunzitsa ngati kuti pali kakhalidwe kamodzi kolondola kamene munthu ayenera kukagwira tsiku lonse. Tsopano amanena kuti ngakhale wokhala tsonga bwino lomwe, akakhala choncho maola atatu osasuntha, msana umuwawa. Msana umafuna kusinthasintha. Telala wa pa msika wa Balaka amene amapalasa makina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mnyamata wa kabaza amene chishalo chake n'chotsika kotero kuti mawondo amafika pachifuwa, mayi wookera mpunga m'madambo a ku Chilwa, wotola thonje ku Utale, msodzi wosoka ukonde m'mbali mwa Malombe, onsewa ntchito zawo n'zosiyana koma dandaulo lawo ndi limodzi. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'chiuno, ndipo palibe vuto lina limene limalepheretsa anthu kugwira ntchito zawo kuposa limeneli.

Nanga tichite chiyani ndi ana? Choyamba n'chotchipa kwambiri: kwezani buku. Kathabwa kopingasa kaja koikapo Qur'an yolemekezeka timakadziwa ngati ulemu wa Buku, kuti lisakhale pansi, ndipo ndi momwemo. Komanso kamathandiza khosi la wowerenga chifukwa tsamba limakwera n'kupendekeka kuyang'ana nkhope. Kalipentala aliyense wa pa Ntaja angathe kukhoma benchi lalitali lalifupi msinkhu, lofika cha pamchombo wa mwana atakhala pansi, loti ana asanu kapena asanu ndi mmodzi aikepo mabuku. Makomiti a madrasa amasonkhetsa ndalama za zinthu zambiri, ndipo ife tikuona kuti matabwa awiri atatu oterewa ndi oyenera kukhala nawo pamndandanda. Kunyumba, ngakhale katoni kapena kampando kozondotsa kangagwire ntchito yomweyo. Mwana akakhala pa mphasa, muikireni nsalu yopindapinda kumatako kuti chiuno chikwere pang'ono kuposa mawondo. Msana umadzuka wokha popanda womukalipira.

Chachiwiri, aphunzitsi anzathu, tisaope mwana wosuntha. Theka la ola likakwana, ana aimirire, adziwongole, ena alakatule sura zawo ali chiimire, ena akamwe madzi. Amene anapinda miyendo atambalale, amene anatambalala agwade. Phunziro silitayika, kawirikawiri amabwerera ali maso. Ndipo mwana amene amawerama kwambiri kuposa anzake, ngakhale buku mutalikweza, kapena amatsinzina poyang'ana pa bolodi, mwina vuto lake ndi maso. Akapimitse.

Swala nayo ikukhudzidwa ndi nkhaniyi. Sitikunena kuti Swala ndi masewera olimbitsa thupi. Ndi ibada, ndipo timaswali chifukwa talamulidwa. Koma taonani kuti m'Swala zisanu za faradhi muli maraka 17, kutanthauza rukuu 17 ndi sijida 34 tsiku lili lonse, ndipo nthawi zake zinamwazikana kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, kotero kuti telala uja afune asafune amadzuka pa makina. M'mabuku a fiqh timaphunzitsa kuti pa rukuu msana ukhale wosalala, mutu usakwere kapena kugwa, manja agwire mawondo. Ndipo podzuka munthu aimirire mpaka awongoke ndi kudekha asanapite pa sijida. Kwa ife otsata Imam Shafi'i kudekha kumeneku ndi nsanamira ya Swala. Tsono wothamanga uja, wojompha ngati nkhuku pa madeya, akuononga Swala yake, ndipo thupi lakenso silikupindulapo kanthu. Koma agogo amene msana kapena mawondo akukana asadzikakamize. Chilolezo choswali atakhala pansi chinaperekedwa ndi Mtumiki (S.A.W.) mwini wake kwa wodwala, ndipo palibe manyazi pamenepo.

Za amayi athu tinenepo motalikirapo, chifukwa pali chotamanda ndiponso pali chodandaulitsa. Palibe amene amayenda mowongoka kuposa mayi wosenza ndowa yodzadza kuchokera ku mjigo: mutu uli pamwamba pa mapewa, mapewa ali pamwamba pa chiuno, madzi osatayika. Akatswiri amene anapima amayi a mitundu ya Luo ndi Kikuyu ku Kenya anafalitsa mu 1986 kuti amayiwo ankasenza katundu wolemera mpaka gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo popanda kuonjezera mphamvu zimene amagwiritsa poyenda. Kwa mayi wa makilogalamu 60, ameneyo ndi katundu wa makilogalamu 12. Koma chigubu cha malita 20 chikadzadza chimalemera makilogalamu 20, ndipo kangati timaona kamtsikana ka zaka 10, kolemera mwina makilogalamu 30, katasenza chigubu chimenecho khosi likunjenjemera? Luso losenza aphunzire ndithu, koma ndi kandowa ka msinkhu wake, ndi nkhata yabwino, ndipo pakhale womusenzetsa ndi womutula. Posenza ndi potula ndi pamene khosi limavulala kawirikawiri. Anyamata a m'nyumbamo, amene ali ndi njinga, angathe kumangirira zigubu ziwiri ulendo umodzi. Kutunga madzi sikunalembedwe kuti ndi kwa atsikana okha.

Chimodzimodzi ndi zipangizo za pakhomo. Tsache lalifupi limene limamuweramitsa mayi bwalo lonse lingamangiriridwe ku ndodo. Mpini wa khasu ukhale wolingana ndi msinkhu wa mwini wake. Beseni lochapira likwere pa chitsa kapena pa thandala. Ndipo abambo ponyamula thumba la chimanga kapena la feteleza la makilogalamu 50, pindani mawondo, thumba likhale pafupi ndi mimba, musapotoke m'chiuno katundu ali m'manja, tembenukani ndi mapazi. Kuitana mnzako kuti mugwirizane si kuchepa mphamvu.

Msana ukayamba kuwawa popanda zizindikiro zina, kugona pa mphasa sabata yathunthu sikuthandiza, kumangouumitsa. Ululu wotere nthawi zambiri umachepa wokha m'masabata ochepa ngati munthu akuyendayenda ndi kugwira ntchito zopepuka. Kuyenda wapansi ndiye mankhwala osalipira amene alipo.

Tsopano tifike pa chimene tikufuna kholo lili lonse lisunge, pakuti si kuwerama konse kumene kuli kwa chizolowezi. Akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba, koma pali kupindika kwina kumene sikuwongoka ndi kukalipa. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi. Mwana wowerama chifukwa cha chizolowezi, mukamuuza kuti awongoke amawongoka, ndipo akagona chagada msana umafika pansi bwinobwino. Amene sangathe kuwongoka ngakhale akuyesetsa, ameneyo ali ndi vuto la m'mafupa.

Pali kupindika kwa msana cha m'mbali kumene kumaonekera kwambiri pa zaka 10 mpaka 15, nthawi imene mwana akukula mofulumira, ndipo kumakula kwambiri mwa atsikana. Sikubwera chifukwa cha kakhalidwe koipa kapena chikwama cha mabuku, ndipo kawirikawiri sikuwawa. Popeza ana athu aakazi pa msinkhu umenewu amavala zodzibisa, monga kuyenera, bambo ndi mphunzitsi sangaone kanthu. Ntchitoyi ndi yanu amayi. M'chipinda, muuzeni mwana awerame monga pa rukuu, manja akulendewera, inu muime kumbuyo kwake. Ngati nthiti za mbali imodzi zatukuka kuposa zinzake, kapena ataimirira phewa limodzi lili pamwamba, pitani naye ku chipatala akadali kukula, chifukwa imeneyo ndiyo nthawi imene madokotala angachitepo zambiri.

Choopsa kwambiri ndi chifuwa chachikulu cha TB chikalowa m'mafupa a msana. Ambiri timadziwa TB ya kutsokomola yokha, koma kachilombo komweko kamatha kudya timafupa tija pang'onopang'ono mpaka tigwerane, ndipo pamsana pamatuluka linunda losongoka. Mwana kapena wamkulu amamva kuwawa pamalo amodzi kwa masabata ambiri, ngakhale usiku atagona. Amaonda, amatuluka thukuta usiku, amayenda mouma ngati akuopa kugwedeza msana, ndipo kenaka miyendo imayamba kufooka. Mabanja ena amataya miyezi akutemera mphini ndi kuloza anthu zala, pamene mankhwala a TB m'zipatala za boma ndi aulere, ndipo akayambidwa msanga n'kumwedwa mpaka kumaliza, munthu amapulumuka ku kupuwala. Chipatala cha boma la Machinga chili pa Liwonde, ndipo cha Balaka chili pa boma pomwepo. M'zipatala za maboma mumapezeka azachipatala ophunzitsidwa za mafupa, ntchito imene inayamba m'dziko muno mu 1985, ndipo iwo ndiwo amatumiza ovutika kwambiri ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mumzinda womwewo muli chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002 ndipo chimathandiza ana a mavuto a mafupa.

Pali zizindikiro zina zosayenera kugona nazo ngakhale usiku umodzi. Ngati wodwala msana wayamba kulephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka osadziwa, kapena wachita dzanzi pakati pa ntchafu, kapena miyendo yonse iwiri ikufooka, pezani galimoto tsiku lomwelo. Chimodzimodzi amene wagwa mu mtengo wa mango kapena pa njinga yamoto ndipo akudandaula khosi kapena msana: musamudzutse kuti akhale tsonga, musamukweze pa kabaza. Mugonekeni pa chitseko kapena pa thabwa lalikulu, mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ndipo mupite naye ku chipatala ali chigonere.