Mlendo Wobwera ndi Kalumo Kakuthwa

Sabata ino tilingalire za mphunzitsi wogwirizira, makamaka amene wapatsidwa kalasi ya Chifalansa. Pa sukulu za sekondale zimene zimaphunzitsa phunziroli, kawirikawiri mphunzitsi wake amakhala mmodzi yekha. Iye akadwala, akasamutsidwa kapena akapita kukapitiriza maphunziro, choko chimagwera m'manja mwa wina, pomwe mayeso a MSCE a bungwe la MANEB sadikira munthu.

Mavuto a wogwirizira tikuwadziwa. Amalowa m'kalasi osadziwa pamene mnzake adalekezera. Mabuku ndi ochepa, ndipo ana angapo amaunjikana pa buku limodzi. Ophunzira nawo amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, motero amamuyesa ndi phokoso ndi kujomba. Chilankhulo chenichenicho chili ndi minga yake. Zilembo zambiri zakumapeto kwa mawu sizitchulidwa, ndipo lilime lathu, limene silisiyanitsa "l" ndi "r", limapunthwa pamene Afalansa amazilekanitsa.

Komabe ife tikuti ntchito imeneyi si yongolondera ana kufikira belu litalira. Chilankhulo chimafanana ndi moto wa pa mafuwa: chikakhala mwezi wathunthu osasonkhezera, chimazima. Wogwirizira ndiye amasunga makala kuti mwini wake adzapeze poyatsira. Mphotho yake amaiona tsiku limene mwana wazindikira kuti Chifalansa chimagwirizanitsa mawu monga timachitira ife. Amene amanena "munthu wamkulu" ndi "chinthu chachikulu" osalakwitsa ali kale ndi khutu lomvera kusiyana kwa "le petit" ndi "la petite".

Tisaganizenso kuti Chifalansa ndi cha ku Paris kokha. Kuno ku Dowa kuli kampu ya Dzaleka, imene idayamba kulandira othawa kwawo mu 1994. Anthu ambiri okhala kumeneko adachokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, maiko amene Chifalansa ndi chimodzi mwa zilankhulo za boma. Mwana wa ku Mponela, Mvera kapena Malomo amene waphunzira kupereka moni m'chilankhulochi angathe kumugwiritsa ntchito pa msika, osakwera ndege. Moni ameneyo amauza mlendo kuti wafika pakati pa anthu.

Choncho tikupempha zinthu ziwiri. Akuluakulu a sukulu aonetsetse kuti mphunzitsi aliyense wochoka wasiya ndondomeko ya ntchito ndi mabuku ake, kuti wogwirizira asayende mumdima. Inunso ophunzira, m'patseni ulemu umene mumapatsa aphunzitsi anu a masiku onse. Makolo athu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mwina kafotokozedwe kake ndi kamene kadzakutsegulireni mfundo imene idakukanikani teremu yonse. Masabata ake ndi owerengeka, koma nthawi imene mungataye pomuseka ndi yanu, ndipo pa tsiku la mayeso sidzabweranso.