ZA PAKHOMO PATHU: SINGANO NDI ULUSI PA TSIKU LA UFULU

 Sabata ino ndifuna ticeze za kacipangizo kamene kapezeka pafupifupi m'nyumba iri yonse, kotsomekedwa m'udzu wa denga kapena kosungidwa m'kabotolo, koma kamene ambiri a ife tayamba kukaiwala. Ndinena singano.

Mwezi wa Okutobala ukalowa, m'nyumba zambiri za muno mu Lusaka mumafika kakalata kocokera kusukulu. Mau ake amakhala akuti pa tsiku lakuti-lakuti ana asabvale yunifomu, koma abwere atabvala zoonetsa mwambo wa kwao kapena mbiri ya dziko, pokumbukira ufulu umene tinalandira pa 24 Okutobala 1964. Kakalatako nkakafupi, koma kamasowetsa tulo makolo ambiri.

M'caka ca 2024, pamene dziko lathu linali kukwanitsa zaka 60 za ufulu, mwana wanga wamkazi amene akhala ku Kabwata anatulukira kwanga ku Chelstone madzulo ena ali ndi ana ake awiri, mtsikana wa Giredi 4 ndi mnyamata wa Giredi 2. Anali atayenda tsiku lonse. Anayamba ndi masitolo a mu Cairo Road, napita ku Kamwala, ndipo potsiriza anakwera basi kunka ku masitolo akulu a ca ku Woodlands ndi Kabulonga. Kumeneko anapeza zobvala za ana zonyezimira, za anthu a m'mafilimu a kunja, ndipo mtengo wa cimodzi unaposa wa thumba la ufa. Ca mwambo wathu cimene akadatha kugula sanacione.

"Amai, ndicite bwanji? Kwatsala masiku anai okha," anatero.

Ndinamuyankha kuti m'cipinda muli makina anga a pamanja, ndipo nsalu sisowa mu Lusaka. Koma ndisanamalize kulankhula, mdzukulu wanga wamkazi anagwetsa nkhope nati, "Ambuya, zosoka panyumba anzanga adzandiseka. Adzati ndife osauka."

Mau amenewa anandilasa mtima, koma sindinamkalipire, pakuti mwana amalankhula zimene amva kwa akulu. Ndinagona ndi funso usiku umenewo: kodi zinayamba liti kuti cobvala cosokedwa ndi manja a kholo cikhale ca manyazi?

Ife amene tinali atsikana m'zaka za m'ma 1970 tikumbukira nthawi ina. Malire a dziko lathu ndi Rhodesia anatsekedwa mu Januwale 1973, ndipo pofika 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa pa misika ya kunja. Katundu anayamba kusowa m'masitolo. Masiku amenewo mai wodziwa kusoka anali ndi ulemu pamudzi. M'makalabu a amai tinaphunzira kudula nsalu, kupinda mpendero ndi kuika zigamba, ndipo deresi la Khrisimasi linali kucokera pa makina a amai kapena a telala wa pakhonde la sitolo. Nsalu nayonso inali kuombedwa konkuno. Ku Kafue kunali fakitale ya nsalu, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunatsegulidwa ina ku Kabwe, ya Mulungushi Textiles, yomangidwa ndi thandizo la dziko la China. Thonje limene munali kulima inu a kum'mawa linali ndi kopita m'dziko lomwe lino.

Zinthu zinasintha pambuyo pa 1991, pamene malonda ndi maiko a kunja anamasulidwa. Salaula inadzaza m'misika, mafakitale a nsalu anafooka, ndipo ya ku Kabwe ija inaima mu 2007. Sindinyoza salaula ai. Yabveka ana ambiri amene akadayenda ndi nsanza, ndipo inenso bulauzi imene ndabvala polemba pano ndinaisankha pa mulu ku msika wa Soweto. Koma pamene kugula kunakhala kwapafupi kuposa kusoka, singano inacita dzimbiri, ndipo ana athu anakula ndi maganizo akuti cabwino ndi cimene cacokera kutali. Tsono pa tsiku limene sukulu ifuna cobvala ca kwathu, m'belo la salaula simupezeka kanthu, pakuti amene anabvala zobvalazo poyamba sadziwa Mkaika kapena Mtenguleni.

M'mawa mwake tinayamba nchito. Mtsikana anabvomera monyinyirika kuti timsokere deresi la mitundu ya mbendera. Ku Kamwala tinagula mamita awiri a nsalu ya thonje yobiriwira, ndi tizidutswa tofiira, takuda ndi ta mtundu wa lalanje. Podula ndinali kumfotokozera kuti kubiriwira kunena za nthaka yathu ndi zomera zake, kufiira kunena za nkhondo yomenyera ufulu, kuda ndife anthu a m'dziko muno, mtundu wa lalanje ndiwo cuma ca m'migodi monga mkuwa, ndipo nkhwazi isonyeza kuti tikhoza kuuluka pamwamba pa mabvuto athu. Nditamuuza kuti amene anajambula mbenderayo anali munthu wamkazi, Mai Gabriel Ellison, anakweza maso nayamba kumvetsera.

Apa ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Cifukwa ca liwiro sindinacape nsalu ndisanadule. Deresi litatha ndinalibviika m'madzi kuti ndicotse zizindikiro za coko, ndipo utoto wofiira unasungunuka nulowa m'mitundu inayo. Linaoneka ngati lagwa m'matope a katondo. Mwana analira, ndipo kunatsala masiku awiri. Kwa telala sitikadapita. Caka cimeneco madzi anali atacepa ku Kariba cifukwa ca cilala, magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo matelala a makina a magetsi anali ndi milu ya nchito yosatha. Koma makina a pamanja sayembekeza magetsi. Tinagulanso nsalu, tinacapa iri yonse payokha, ndipo tinasoka usiku ndi nyali, ine kupukusa makina, iye kutunga ulusi pa singano pakuti maso anga afooka. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ine mwambiwu ndinauphunziranso ndiri ndi imvi kumutu.

Za mnyamata zinali ndi bvuto la mtundu wina. Iye anaona pa wailesi ya kanema mwambo wa Kulamba, umene ucitika ku Mkaika m'boma la Katete Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Anafuna kuti ndimpangire cigoba ca gule. Apa ndinakanitsitsa. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi, si sewero la ana. Ali ndi eni ake, dambwe lake ndi malamulo ake, ndipo atuluka pa maliro, pa cinamwali ndi polonga mfumu. Kubveka mwana wosalowa gule cigoba ca katoni kuti anzake aseke ndiko kunyoza makolo. Kholo losoka liyenera kudziwa cimene cingabvalidwe ndi cimene sicingabvalidwe.

Atate ake a mnyamatayo ndi Mngoni wa ku Chipata. Ife Acewa timati mwana ngwa kwa amai ake, Angoni amati ngwa kwa atate ake, koma tsiku limenelo ndinalola kugonja. Tinambveka za ingoma, monga abvalira amuna pa Nc'wala ku Mtenguleni pamaso pa Inkhosi ya Makhosi Mpezeni, mwambo umene unadzutsidwanso mu 1980 utaleka zaka zambiri. Cikopa ceni-ceni sitinafune, pakuti lamulo liletsa kusunga cikopa ca nyalugwe popanda cilolezo, ndiponso nyamazo zacepa m'thengo. Tinatenga buluku lakale la khaki, tinalidula timizere tolendewera pa lamba wa lasitiki, ndi kudontheza mawanga akuda ndi utoto. Cishango cinali ca katoni, cibonga ca phesi la cimanga ndi nsanza kumutu kwake, kuti ngakhale amenye mnzake asabvulale. Atate ake anamphunzitsa kuponda pansi monga acitira kwao, mpaka fumbi linabuka pabwalo.

Kwa inu amene mufuna kuyesa, kaya ndi pa tsiku la ufulu, kaya pa sewero la Khrisimasi ku chalichi kumene kufunika abusa, angelo ndi anzeru a kum'mawa, nazi mfundo zinai.

Coyamba, capani nsalu yatsopano musanadule, mtundu uli wonse paokha. Nsalu ya thonje imafupika ikacapidwa koyamba, ndipo ina imatulutsa utoto.

Caciwiri, tepi yopimira ikasowa, tengani cingwe. Pimani cifuwa, ciuno ndi msinkhu kucokera paphewa kufika m'maondo, ndi kumanga mfundo pa muyeso uli wonse. Njira ina ndiyo kugoneka cobvala cakale comkwana mwanayo pa nyuzipepala, kulemba mozungulira ndi khala, ndi kuonjezera zala ziwiri mbali zonse kuti pakhale posokera. Yambani kudula pepala, nsalu pambuyo, pakuti pepala likalakwika simutaya ndalama.

Cacitatu, wopanda makina asataye mtima. Msoko wobwerera m'mbuyo, uja wobaya singano pambuyo pa pamene ulusi watulukira, ulimba pafupifupi ngati wa makina. Ikani msoko umenewu pamapewa ndi m'khwapa, pamene cobvala ciyambira kung'ambika mwana akamabvina. Siyaninso mpendero waukulu, kuti caka ca mawa mudzaupasule mwana akatalika.

Cacinai ndico cacikulu, pakuti cikhudza moyo. Nsalu ya nailoni, ndi thonje limene timamata monga ndebvu kapena ubweya wa nkhosa, zigwira moto msanga. Mwana wobvala zotere asayandikire kandulo, koloboi kapena mbaula. Musamange cingwe m'khosi mwa mwana, koma ikani batani. Musasiye mapini m'nsalu. Mikanda ing'ono-ing'ono siyenera khanda limene liika zonse m'kamwa. Matumba a feteleza ndi a mankhwala a m'munda asakhudze thupi la mwana ngakhale atacapidwa. Ndipo kumbukirani kuti Okutobala ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo, tsono cobvalaco cikhale copepuka.

Zoti mwana abvale sizisowa, ndipo zambiri sizilira ndalama. Kabudula woyera, malaya oyera ndi masokosi atali zimsandutsa mnyamata wobvina mganda. Unyolo wa mapepala m'manja umfanizira ndi cifanizo ca Freedom Statue, cimene cinaimikidwa mu Independence Avenue mu 1974. Malaya a khaki a matumba anai ndi kansalu koyera m'dzanja zikumbutsa malemu Dr. Kenneth Kaunda, ndipo citenge ndi duku zikwanira mtsikana amene afuna kufotokoza za Mama Julia Chikamoneka, mmodzi wa amai olimba mtima amene anamenyera ufulu muno mu Lusaka. Cofunika ncakuti mwanayo adziwe amene wamubvala, kuti akafunsidwa asangoluma cala.

Mnzanga wina amene asoka ku Kabwata anandiuza kuti Okutobala ali yense amai a ku Woodlands ndi Kabulonga amaimika magalimoto pakhomo pake nati, tisokereni za kumudzi. Akawafunsa kuti mudzi uti, ena sayankha. Ena afuna musisi wa Alozi m'ciuno ndi nthenga za Angoni kumutu. Enanso amapita ku Kabwata Cultural Village mu Burma Road, malo amene boma linapatula mu 1974 kuti asunge luso la manja, kukagula mikanda ndi kufunsa amisiri. Izi sindinena mowaseka. Mwana wanga yemwe anazungulira tauni tsiku lonse wosadziwa cocita, ndipo mlandu wina ngwanga amene sindinamphunzitse ali wamng'ono.

Ndinena izi kuti inu a kumudzi mudziwe kuti cimene muli naco ncamtengo wapatali. Mudziwa kumanga cilundu ndi kutunga mikanda. Mudziwa kusiyanitsa zobvala za cimtali ndi za ingoma. Alipo akulu pakati panu amene akumbukira kupanga nyanda pomenya khungwa la mombo kufikira lifewa. Nzeru zimenezi sizigulitsidwa mu Cairo Road, ndipo mwini wake akapita kumanda zimapita naye. Adzukulu akabwera pa chuthi ca Disembala, musangowatuma kudimba ndi kucitsime. Akhazikeni pamphasa, apatseni singano ndi kansalu, anyamata omwe, pakuti matelala ambiri a m'misika yathu ndi amuna. Kuongola mtengo mpoyamba.

Mwina mufuna kudziwa mmene zinathera. Mphoto sinabwere kwathu, inapita kwa mwana wina amene anabvala bwino koposa. Koma aphunzitsi atamfunsa mdzukulu wanga tanthauzo la deresi lake, anafotokoza mitundu yonse inai ndi nkhwazi yomwe wosadodoma. Madzulo ndinamfunsa ngati anzake anamseka. Anati, "Mmodzi anaseka, ambuya, koma awiri anafunsa kumene tinagula."

Mpendero wa kumbuyo anasoka yekha usiku uja, ndipo ngwokhota ngati njira ya kudimba. Tsiku lina ndinatenga lumo kuti ndiupasule ndi kusokanso bwino, koma iye anandigwira dzanja nati, "Iai ambuya, pamenepo mpanga." Ndinabweza lumo m'citini. Deresilo liri m'sutikesi ndi mpendero wake wokhota, ndipo msuweni wake wa ku Katete walipempha kale kuti adzabvale akafika msinkhu.