Chimanga chowola si cha ziweto ayi

Abale anga a ku Bolero, a ku Mhuju ndi inu muli ku Mzuzu, lero ndinena zoti ena mukwiya nazo. Kwiyani, koma mumve kaye.

Tikamasankha chimanga timati chabwino m'thumba, chowola cha nkhumba, nkhuku ndi ng'ombe. Akuti chiweto sichisankha. Inenso ndachita zimenezi zaka zambiri. Gaga wa chimanga chachuku ndinkapatsa ng'ombe yanga, m'mawa n'kukama mkaka wa adzukulu anga. Ndinkadziona wochenjera kuti sinditaya kanthu.

Chuku chija chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Ng'ombe ikadya, chiwindi chake chimangomusintha pang'ono, tsiku lomwelo kapena mawa lake wayamba kutuluka mu mkaka. Saoneka, sanunkha. Kaya muwiritse mkakawo, kaya mupange chambiko, ali momwemo. Nkhuku nazo zikadya kuikira kumachepa, ndipo poizoni wina amatsalira m'chiwindi ndi m'mazira. Ndiye chowolacho mwataya kuti? Changozungulira kukhola n'kubwereranso m'mbale mwanu.

Wina anena kuti makolo athu ankadya osafa. Mukudziwa bwanji? Poizoniyu akamalowa pang'onopang'ono sagwetsa munthu lero. Amadya chiwindi mwakachetechete mpaka khansa, ndipo kwa ana amaonjezera vuto la kupinimbira. Munthu akatupa mimba timathamangira kuloza nkhalamba ya m'mudzi kuti yalodza, za m'nkhokwe mwathu osazifunsa. Akachuluka amapha msanga. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chachuku. Ku England mu 1960 nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ndi chakudya cha mtedza wachuku, mpamene azungu anamutulukira poizoniyu.

Inu ogulitsa gaga, lekani kugula chowola motchipa n'kukachibisa kuchigayo. Phindu limenelo mukulipeza pa chiwindi cha mwana wa mnzanu. Ife alimi, tiyanike chimanga pa mkeka kapena pa tenti, osati padothi, chiume gwa tisanaike m'matumba. Mtedza tisamawaze madzi pofuna kuswa mosavuta. Chowola tikwirire kapena titenthe. Zimawawa, ndikudziwa, feteleza wake tinagula modula. Koma ine chidebe chimodzi ndingataye, mdzukulu wanga ayi.

Inu a m'tauni, mukabwera kudzatenga chambiko ndi mazira, muzifunsanso kuti ziwetozi zikudya chiyani. Sitikwiya.