Musanatame Alpe d'Huez, yambani mwayeza thumba la makala

Pakati pa anthu opalasa njinga zamasewera m'mizinda yathu pali mkangano umene sutha: kodi zitunda za kuno kwathu zingafanane ndi mapiri a ku Ulaya amene timawaona pa kanema mwezi wa July? Loweruka akangotsika panjinga, thukuta lisanaume n'komwe, nkhani imakhala yomweyi. Ndipo kawirikawiri amapambana ndi uja wa pakamwa pakuthwa, amene amati kuno kulibe mapiri enieni, izi ndi zulu chabe, phiri ndi Alpe d'Huez. Ambiri mwa olankhula zoterezi sanapondeko ku France. Phirilo amalidziwira pa YouTube, koma amalitchula ngati kwawo kwa agogo awo.

Ine ndikunena mosapsatira kuti mawu amenewa ndi abodza, ndipo bodza lake likutipweteka. Anzathuwa amayeza phiri ndi dzina lake. Amaiwala kufunsa mafunso amene aliyense wokulira panjinga amawadziwa: wakwera ndani, wanyamula chiyani, njinga yake ndi yotani, msewu uli bwanji, dzuwa lili pati?

Tiyambe ndi manambala, poti ndi amene amawakonda. Alpe d'Huez ndi chitunda cha makilomita 13.8, chokwera 8.1% mukatenga pakatikati. Kutanthauza kuti pa mamita 100 alionse amene mwayenda, mwakwera m'mwamba mamita 8. Chili ndi makona akuthwa 21, ndipo kuchokera pansi kufika pamwamba mumakwera mamita pafupifupi 1,100. Mpikisano wa Tour de France unafikako koyamba mu 1952, ndipo anapambana ndi Fausto Coppi. Mu 1997 Marco Pantani anachikwera m'mphindi zosakwana 38, pamene munthu wamba wolimbikira amatenga ola lathunthu kapena kuposerapo. Ndi chitunda chenicheni, palibe akukana.

Tsono tabwerani ku Chitimba, m'mphepete mwa nyanja ku Rumphi, muyang'ane msewu wa Gorodi wopita ku Livingstonia. Unalambulidwa m'nthawi ya amishonale a ku Scotland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20, ndipo pa makilomita pafupifupi 15 umakukwezani mamita oposa 700. Msewu wa Alpe d'Huez ndi wa phula losalala. Wa Gorodi ndi wa miyala yogubuduka, moti ukaima pamapedulo kuti uponde mwamphamvu tayala lakumbuyo limangoterereka. Pitani ku Chikwawa, kumene mtsinje wa Shire uli mamita pafupifupi 100 okha pamwamba pa nyanja yamchere, mutsate M1 kudzera pa Thabwa mpaka ku Blantyre, mzinda umene uli pa mamita oposa 1,000. Kuno ku Zomba, kuchokera m'tauni kufika ku Ku Chawe mumakwera mamita oposa 500 pa mtunda waufupi. Onjezaniponso Khwekhwelere pa msewu wa Golomoti wopita ku Masasa, ndi Chiweta kumene malole amalira ngati akuphedwa. Izi ndi zulu?

Ngakhale Strava, pulogalamu ya pafoni imene anzathuwa amaikhulupirira kuposa maso awo, sigwirizana nawo. Strava imaika zitunda m'magulu pochulukitsa kutalika kwa chitunda ndi kupendekeka kwake. Masamu ake akathera pake, chitunda chokwera mamita 320 chimalowa gulu lachiwiri, cha mamita 640 chimalowa gulu loyamba, ndipo cha mamita 800 chimafika pa gulu lapamwamba kwambiri lotchedwa HC. Ndi muyeso umenewu Ku Chawe ndi gulu lachiwiri mosakayikitsa, ndipo Gorodi sangatsike pa gulu loyamba. Foni imene ili m'thumba mwawo ikuwauza kale zimenezi, koma makutu ali ku France.

Pali mfundo ziwiri zimene otama mapiri a ku Ulaya amanena zoona, ndipo sindizibisa. Yoyamba ndi yakuti chitunda chachifupi ndi chitunda chachitali zimapweteka mosiyana. Kachitunda koima njo ka kilomita imodzi, ngati Mur de Huy ku Belgium kamene ndi kotalika makilomita 1.3 okha koma malo ena kamayandikira 20%, umatha kukagonjetsa ndi liuma. Umaluma mano, miyendo n'kuyaka moto kwa mphindi zochepa, kenako wafika. Phiri la ola lathunthu silimva liuma. Ukayamba mothamanga umalipira pakati panjira, shuga akatha m'thupi maso amachita mdima, ndipo palibe popumira. Munthu amene anazolowera zitunda za m'tauni za mphindi zitatu asadzinamize kuti phiri lalitali ndi kungobwereza zomwezo ka 20. Mfundo yachiwiri ndi mpweya. Col du Galibier ku France ili pa mamita 2,642, Stelvio ku Italy pa mamita 2,757. Pamwamba potero mpweya umapepuka, ndipo mphamvu za munthu zimatsika ngakhale atalimba bwanji. Misewu yathu ya phula siifika kumeneko.

Koma taonani zimene mfundo ziwirizi zikutsimikiza. Yoyamba ikusiyanitsa chitunda chachifupi ndi chachitali, ndipo zazitalizo tili nazo, ndazitchula kale. Yachiwiri ikuvomereza kuti nyengo ndi malo zimasintha kuvuta kwa phiri. Ngati mpweya wopepuka ukuwerengedwa, kutentha kuwerengedwenso. Azungu omwewo amakumbukira mwamantha tsiku la 13 July 1967, pamene Tom Simpson wa ku Britain anagwa n'kufa pa Mont Ventoux dzuwa likuswa mtengo, m'thupi mwake mulinso mankhwala owonjezera mphamvu. Kwa iwo kutentha koteroko ndi tsoka la tsiku limodzi. Kwa munthu wa ku Chikwawa mwezi wa October, pamene kutentha kumatha kufika madigiri 40, ndi Lachiwiri wamba. Ndipo iye sakhala ndi galimoto yomutsatira m'mbuyo ndi mabotolo a madzi ozizira.

Apa ndiye ndafika pa nkhani yeniyeni, imene anthu a zipewa zonyezimira safuna kuimva. Ntchito yokwera phiri ndi kulemera kwa zonse zimene zikukwera kuchulukitsa ndi mamita amene zakwera. Izi tinaphunzira ku sekondale. Tiyerekeze mnyamata wolemera makilogalamu 70 ali pa njinga ya makilogalamu 8. Malamulo a bungwe la UCI salola njinga ya mpikisano kupepuka kupyola makilogalamu 6.8, ndiye yake ili pafupi ndi za akatswiri. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 78. Akakwera mamita 1,100 a Alpe d'Huez, wagwira ntchito yokwana makilojulo pafupifupi 840.

Tsopano tiyerekeze bambo wolemera makilogalamu 60, pa njinga yachitsulo ya makilogalamu 20, atamanga katundu wa makilogalamu 100. Si zokokomeza: njinga za Buffalo zimene zafala m'midzi yathu zimalemera kuposa makilogalamu 20, ndipo kaliyala wake anapangidwira kunyamula makilogalamu 100. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 180. Bamboyu akachoka ku Zalewa, pa mlatho wa Shire, kudzera ku Lunzu mpaka kulowa mu Blantyre, amakwera mamita osachepera 500. Werengani nokha: makilojulo pafupifupi 880. Wagwira ntchito yoposa ya Alpe d'Huez, atavala masilipasi, m'mimba muli mbatata ya dzulo. Akafika palibe womujambula, palibe womuombera m'manja. Amagulitsa, n'kubwerera, n'kudzabweranso sabata yomweyo.

Wina anena kuti bamboyo amatsika n'kukankha, ndiye sanakwere. Inde amakankha, ndipo inunso mukanakankha. Njinga yake ili ndi giya imodzi. Akazungulitsa mapedulo kamodzi, tayala lakumbuyo limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka, kaya ndi pa chitunda kaya ndi pa mtsetse. Njinga yanu ili ndi magiya 22 kapena kuposa, ndipo pa giya yopepukitsitsa tayala limazungulira pafupifupi kamodzi kokha. Chimene chimakusungani pachishalo pa chitunda ndi magiya amene munagula. Muchotseni bambo uja matumba, mumupatse njinga yanu kwa mwezi umodzi, kenako mudzakumane pa Thabwa. Mukudziwa kale mmene zingathere, n'chifukwa chake simungayese.

Musandimve molakwa. Sindikutama makala. Mitengo ya ku Neno ndi ku Mwanza ikutha, ndipo dothi lokokoloka kumeneko likukwirira Shire yemweyo amene amatipatsa magetsi ku Nkula. Ndipo palibe ulemerero mu umphawi umene umakakamiza munthu kusenza katundu wa bulu. Matumba aja akhoza kukhala a chimanga, a mbatata, a kabichi, kapena mayi woyembekezera amene wakabaza akuthamangira naye kuchipatala. Masamu ake sasintha. Chimene ndikukana ndi khungu limene limachititsa munthu wophunzira kudutsa bambo wotere pa chitunda, osamupatsa ngakhale moni, n'kukafika pamwamba n'kunena kuti dziko lino lilibe mapiri kapena akatswiri a njinga.

Khungu limeneli timalidziwa bwino ife a maphunziro a mbiri ndi zilankhulo. Ndi lomwe lija limatiuza kuti ndakatulo ya m'Chichewa ndi ya pa siteji ya pulayimale, yeniyeni ndi ya m'Chingerezi. Chinthu cha kwathu chimayamba kukhala chenicheni mlendo akachitchula. Alpe d'Huez ndi msewu wopita ku malo ochitira masewera a pa chipale chofewa. Unatchuka chifukwa anthu a kumeneko anaika mpikisano pamenepo, atolankhani analemba, makona onse 21 anapatsidwa manambala ndi mayina a opambana. Anthu ndi amene anaupatsa dzina msewuwo. Ife makona a Gorodi timangowatukwana tili mu galimoto.

Mayiko amene anasiya kunyoza zitunda zawo akukolola. Nairo Quintana wa ku Colombia anali mwana wa mlimi amene ankapalasa njinga yolemera kupita kusukulu, pobwerera n'kumakwera chitunda chachitali tsiku ndi tsiku. Anapambana Giro d'Italia mu 2014 ndi Vuelta a España mu 2016. Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea anavala malaya a katswiri wa mapiri mu Tour de France ya 2015, ndipo mnzake Biniam Girmay anapambana zigawo zitatu za mpikisano womwewo mu 2024. Ku Rwanda, ena mwa anyamata amene anafika mu timu ya dziko anayamba ngati akabaza. Mu September 2025 mpikisano wa dziko lonse wa njinga zapamsewu unachitikira ku Kigali, koyamba mu Africa. Amuna anapalasa makilomita oposa 260, kukwera mamita oposa 5,000, ndipo ambiri mwa akatswiri amene anayamba sanamalize. Zitunda za ku Kigali sizinakule usiku umodzi. Eni ake anangosiya kuzichitira manyazi.

Ife tikutaya chiyani? Choyamba, tikutaya anthu. Pa siteji iliyonse ya kabaza, kaya ndi ku Jali, ku Mponela kapena ku Karonga, pali anyamata a zaka 18 amene mtima ndi mapapo awo zakhwima ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Palibe amene akuwayeza, chifukwa amene ali ndi njinga zabwino ndi mawu omveka ali kalikiliki kutsutsana za Galibier. Chachiwiri, tikutaya miyoyo. Munthu amene saona wanjinga wonyamula katundu ngati mnzake sangamulankhulire. Misewu yathu yambiri ilibe malo a njinga m'mphepete, phula limangothera pa chigwembe, ndipo lole ikaliza hutala wanjinga ndi amene amadziponya kutchire ndi katundu wake. Anthu a njinga zamasewera ambiri ndi a m'maofesi, ena ndi mainjiniya, maloya, atolankhani. Mawu awo amafika kumene mawu a wakabaza safika. Chikhala kuti amaona kuti chitunda chimene amakwera Loweruka ndi chomwecho chimene mnzawo amakwera sabata yonse, bwenzi akumenyera limodzi misewu yabwino.

Ndiye anzanga a Strava, pitirizani kupalasa, ndipo amene ali ndi ndalama apite ndithu akaone Alpe d'Huez. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Yezani zitunda zathu bwinobwino, mulembe kutalika ndi kupendekeka kwake, muzitchule ndi mayina amene anthu a m'deralo amazitchula. Konzani mipikisano yokwera Ku Chawe, Thabwa ndi Khwekhwelere, ndipo muikemo gulu la njinga za giya imodzi lokhala ndi mphotho yooneka, yoti munthu angasiyire ntchito ya tsiku limenelo. Amene wapambana mumubwereke njinga yamasewera kwa miyezi itatu, muone zimene zingachitike. Ndipo mpaka tsiku limene mudzakwere kuchokera ku Zalewa ndi makilogalamu 100 kumbuyo, mawu oti zulu muwasunge m'kamwa.